Mleme, nangumi ndi funso la mwana wanga

Mwana wanga wamkazi, wa zaka 9, anabwera ndi ntchito ya kusukulu yooneka yophweka. Anamupatsa pepala la zithunzi za nyama 20 kuti azidule ndi sizasi, kenako azimate m'magulu asanu: zoyamwitsa, mbalame, nsomba, zokwawa ndi za gulu la achule. Ine ndinali poteropo ndikuchita zanga. Atamaliza kudula ndi kuyala, anandiitana kuti ndione asanapake guluu.

Zambiri anakhoza. Koma mleme anauika pakati pa nkhunda ndi kadzidzi, ndipo nangumi anamugoneka pambali pa shaki. Ndinatambasula dzanja n'kusuntha zithunzi ziwirizo mwachangu, ngati munthu wodziwa zinthu.

"Awa amayamwitsa," ndinatero.

Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Koma adadi, mleme umauluka. Nangumi sachoka m'madzi. Ndiye anagamula ndani kuti kuyamwitsa n'kofunika kuposa kuuluka?"

Ndinamupatsa yankho la kholo lotopa, lija lakuti ndi mmene mabuku amanenera. Iye anangoti "chabwino" wosakhutira, ndipo ine ndinadziwa kuti ndamubera. Usiku umenewo ndinagona ndi funso lake. Linali funso labwino kuposa mmene ndinaliyankhira, ndipo akuluakulu ovala majekete anakanganapo kale za funso lomweli, mpaka kukhoti.

Mu December 1818, ku New York, munthu wina wogulitsa mafuta ndi makandulo, Samuel Judd, anazengedwa mlandu. Lamulo linkati mafuta a nsomba aziyamba ayezedwa ndi woyendera wa boma asanagulitsidwe, ndipo wophwanya lamulo ankalipira chindapusa. Judd anali atagula migolo itatu ya mafuta a nangumi osayezedwa. Woyendera mafuta, James Maurice, anamusumira kuti alipire madola 75. Judd anati palibe chomwe walakwa, poti nangumi si nsomba. Anabweretsa mboni yophunzira kwambiri mumzindawo, Samuel Mitchill, yemwe anafotokozera khoti kuti nangumi ali ndi mapapo, magazi ake ndi ofunda, amabereka mwana wamoyo ndipo amayamwitsa. Maloya a mbali inayo anamuseka. Oweruza wamba anakambirana mphindi pafupifupi 15 zokha n'kugamula kuti mafuta a nangumi ndi mafuta a nsomba basi. Judd anagonja, ngakhale kuti pasanapite nthawi opanga malamulo analikonza lamulolo.

Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa oweruza aja sanali opusa, monganso mwana wanga sanali wopusa. Iwo ankayankha funso lakuti nyamayi imakhala kuti ndipo imakhala bwanji. Mitchill ankayankha funso lina, lakuti abale ake a nyamayi ndi ndani. Mafunso awiriwa timawaphatikiza kawirikawiri, koma mayankho ake amasemphana kowopsa. Ndipo chimene chimawasemphanitsa ndi chinthu chomwechi chimene mwana wanga adzaphunzire teremu yamawa, mmene thupi ndi khalidwe la nyama zimaithandizira kukhala ndi moyo. Moyo wa m'madzi umaumba aliyense wokhalamo kuti afanane ndi nsomba. Moyo wa m'mlengalenga umafuna mapiko kwa aliyense. Malo amaveka alendo yunifolomu imodzi, n'kuwasiyanitsa pachibale mpaka osazindikirana.

Ngakhale chilankhulo chathuchi chili ndi kagawidwe kake. Tikati chilombo, mkango ulowa, njoka ilowa, nyalugwe alowa, ndipo tikachepetsa n'kuti tizilombo, talowetsa udzudzu, nsabwe ndi toyambitsa matenda tosaoneka ndi maso. Palibe ubale wamagazi pakati pa zonsezi. Chimene chazisonkhanitsa ndi mmene zimatikhudzira ifeyo. Kagawidwe kotero n'kothandiza kwa munthu amene akufuna kudziwa chothawa, koma sikangakuuzeni chifukwa chimene chigaza cha mkango chimafanana ndi cha mphaka wa pakhomo.

Aristotle, wanzeru wa ku Girisi, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anali ataona kale kuti ma dolphin, abale ang'onoang'ono a anangumi, amapuma mpweya ndipo amayamwitsa ana awo. Komabe anthu anapitiriza kuwawerengera ku nsomba kwa zaka mazanamazana. Carl Linnaeus wa ku Sweden, yemwe anakhazikitsa kachitidwe kopatsa chamoyo chilichonse maina awiri a Chilatini, nayenso poyamba anachita zomwezo. M'buku lake la Systema Naturae, lomwe linatuluka koyamba mu 1735, anangumi anali m'gulu la nsomba. Anawasamutsa m'kope lachikhumi la mu 1758, ndipo ndi mmenemo anayambitsa dzina lakuti Mammalia, kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza bere. Nyama zonse anazigawa m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo lomaliza, la Vermes, linali ngati dengu lotayamo zotsala: nyongolotsi, nkhono ndi zina zonse zofewa zomwe zinasowa kolowa. Chimene chimandiseketsa n'chakuti mileme anaiika m'gulu limodzi ndi anyani ndi anthu. Analakwitsa pamenepo, koma ndikumvetsa chimene anaona, chifukwa inenso ndinachiona.

Zaka zingapo zapitazo ndinapeza mleme uli pansi, kuseri kwa chitseko cha chipinda chosungiramo katundu. Unali wamoyo koma wofooka. Sindinaugwire ndi manja, poti mileme ina imatenga chiwewe. Ndinaukuta ndi nsalu yokhuthala n'kutuluka nawo panja pomwe panali kuwala. Phiko limodzi linatambasuka pang'ono, ndipo ndinaima duu. Linali dzanja. Panali mkono, chigongono, kenako zala zinayi zazitali zowonda ngati timitengo ta ambulera, ndi chala chachikulu chachifupi chokhala ndi chikhadabo, chotulukira pamwamba. Pakati pa zalazo panali khungu lopyapyala moti dzuwa linkadutsa, timitsempha ta magazi tikuoneka ngati mizu ya udzu. Thupi linali la ubweya wofewa, makutu aakulu, ndipo utayasamula ndinaona timano tosongoka. Nthenga panalibe ngakhale imodzi. Dzina lomwe asayansi anapatsa gulu la mileme, Chiroptera, ndi mawu a Chigiriki otanthauza dzanja ndi phiko, ndipo tsiku limenelo sindinafunike wondimasulira.

Phiko la mbalame ndi mkononso, koma linafika pa kuuluka podzera njira ina. Zala zake zinachepa n'kulumikizana, ndipo chimene chimagwira mphepo ndi nthenga. Phiko la chiwala lilibe fupa ngakhale limodzi. Kuuluka kokupiza mapiko kunayambika kanayi m'mbiri ya zamoyo, mosadalirana: kwa tizilombo touluka, kwa zokwawa zakale zotchedwa pterosaur zomwe zinatha, kwa mbalame, ndi kwa mileme. Choncho mawu akuti "zouluka" amanena za ntchito, ngati mmene tinganenere kuti "oyendetsa galimoto". Sanena za banja.

Ndinaupachika mleme uja pa khungwa la mtengo, ndipo unadzikoka ndi tizala take tija n'kutembenuka mutu pansi. Kulendewera kumeneko sikuutopetsa. Mitsempha ya kumapazi kwake inapangika mwakuti kulemera kwa thupi ndiko kumakoka zikhadabo kuti zigwire, moti umagona osagwa. Pofika madzulo unali utapita.

Mileme ilipo mitundu yoposa 1,400, kutanthauza kuti pa mitundu isanu iliyonse ya nyama zoyamwitsa, umodzi ndi mleme. Yambiri imasaka usiku, nthawi imene mbalame zodya tizilombo zagona. Mmene imayendera mumdima zinazunguza anthu kwa nthawi yaitali. M'ma 1790, Lazzaro Spallanzani wa ku Italy anapeza kuti mleme wosaona umauluka bwinobwino osagunda kanthu, pomwe wotsekedwa makutu umasokonezeka. Chifukwa chake sichinadziwike mpaka cha mu 1938, pamene wophunzira wa pa yunivesite ya Harvard ku America, Donald Griffin, anagwiritsa ntchito makina omva mawu okwera kwambiri oti khutu la munthu silingamve. Anapeza kuti mileme imakuwa ikamauluka, n'kumamvetsera mawuwo akamabwerera atagunda chinthu. Ma dolphin ndi anangumi a mano amachitanso chimodzimodzi m'madzi. Ndipo pano pali msampha wina: mu 2010 ofufuza anapeza kuti jini ina (kachidutswa ka malangizo achibadwa) yopanga puloteni yothandiza kumva, yotchedwa prestin, inasintha mofanana kwa mileme imeneyi ndi kwa ma dolphin, moti mutangoyang'ana puloteni imodziyo mukhoza kuganiza kuti ndi pachibale chapafupi. Ngakhale m'kati mwenimweni mwa thupi, ntchito yofanana imatha kusiya chizindikiro chofanana. N'chifukwa chake ogawa nyama sadalira umboni umodzi.

Nanga amadziwa bwanji chizindikiro chokhulupirika? Yankho lomwe ndikanamupatsa mwana wanga n'lakuti amayang'ana zinthu zimene malo okhala sangazifotokoze. Thupi losongoka kutsogolo ndi kumbuyo, madzi amalifotokoza: chilichonse chofuna kusambira mwaliwiro chiyenera kukhala choncho. Koma madzi sangafotokoze chifukwa chimene nangumi ali ndi mapapo, chinthu chomwe chimamukakamiza kukwera pamwamba kukapuma moyo wake wonse, pamene makha a nsomba akanamuthandiza bwino. Madzi sangafotokoze mafupa a zala omwe ali m'kati mwa chipsepse chake chakutsogolo, kapena timafupa ta m'chiuno tomwe tinatsalira m'mimba mwake popanda miyendo. Zimenezi ndi katundu wa makolo, amene anabwera naye kuchokera kumtunda.

Onani ngakhale kasambiridwe. Shaki ndi nsomba zina zimapinda thupi cham'mbali, ndipo mchira wake ndi woimirira. Nangumi amakupiza mchira m'mwamba ndi pansi, ndipo ndi wogona chopingasa. Msana wake ukupindikabe ngati wa nyama yothamanga pamtunda, mmene galu amachitira akamathamangitsa kalulu. Mafupa akale anatsimikiza zimenezi. Mu 1981 kunalengezedwa za Pakicetus, nyama ya miyendo inayi yomwe inkakhala kudera lomwe lero ndi Pakistan zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, koma fupa la khutu lake ndi la mtundu wopezeka mwa anangumi okha. Mu 2001 anapeza mafupa a akakolo a anangumi akale oyenda ndi miyendo, ndipo anali ofanana ndi a nyama za ziboda zogawanika monga ng'ombe ndi nkhumba. Umboni wa DNA, yomwe imasunga malangizo achibadwa m'thupi, unalozanso komweko. Mwa nyama zonse zamoyo lero, m'bale wapafupi wa nangumi ndi mvuu.

Pa katundu wakale yemweyo, nangumi anamangapo luso lodabwitsa. Minofu yake ili ndi puloteni yambiri yosunga okosijeni, n'chifukwa chake ndi yakuda bii. Akamira, mtima umagunda pang'onopang'ono ndipo magazi amapita makamaka ku ubongo ndi kumtima. Mtundu wina, wotchedwa Cuvier's beaked whale, unayezedwa utamira mamita 2,992, ndipo wina wa mtundu womwewo anakhala pansi pa madzi mphindi 222. Nyama yopuma mpweya ngati inu ndi ine, maola atatu ndi theka n'kupitirira osapuma.

Nkhani ya katundu wa makoloyi imaonekera bwino pa nyamalikiti. Khosi lake lalitali mamita pafupifupi awiri lili ndi mafupa asanu ndi awiri okha, chimodzimodzi khosi langa, la khoswe ndi la nangumi. Pafupifupi zoyamwitsa zonse zili ndi nambala imeneyi. Zimene zimapatuka ndi zochepa kwambiri, monga sloth, nyama yoyenda pang'onopang'ono m'mitengo, ndi manatee, nyama ya m'madzi yodya zomera. Nyamalikiti sinawonjezere mafupa, inangotalikitsa omwe inali nawo. Ndipo muli mtsempha wina wochokera ku ubongo kupita ku kholingo, mtunda waufupi kwambiri, koma m'malo molunjika umatsika khosi lonse mpaka pachifuwa, n'kuzungulira mtsempha waukulu wa magazi pafupi ndi mtima, n'kukweranso. Ulendo wa mamita anayi kapena kuposa. Nafenso tili nawo wokhota choncho, kungoti khosi lathu ndi lalifupi. Mwa nsomba, zomwe zilibe khosi, njira imeneyi ndi yachidule. Ndimaganiza kuti pophunzitsa ana timakonda kwambiri kunena kuti nyama iliyonse ndi yoyenerana ndendende ndi malo ake. Zoona zake n'zakuti nyama iliyonse ikukhalira zigamba, ndipo zigambazo ndi zimene zimaulula kwawo.

Mukayamba kugawa motsata ubale, zodabwitsa zimachuluka. Mbira ya m'mapiri, kanyama kooneka ngati khoswe wonenepa, ili pafupi ndi njovu kuposa makoswe. Chiswe, chomwe chimamanga chulu, chili ndi mfumukazi, asilikali ndi antchito ngati nyerere, si m'bale wa nyerere. Nyerere zili kumodzi ndi mavu ndi njuchi, pomwe chiswe ndi mphemvu zomwe zinayamba kukhala mwamagulu. Kafukufuku wa mu 2007 wa ofufuza a ku Natural History Museum ku London ndiye anatsindika zimenezi. Kangaude si wa gulu la tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi, ali ndi isanu ndi itatu ndipo abale ake ndi zinkhanira ndi nkhupakupa. Nsomba ya mapapo, ija imadzikwirira m'matope madzi akaphwa n'kudikira mvula kwa miyezi, ili pafupi ndi ng'ombe kuposa mmene ilili ndi nsomba zambiri zomwe imasambira nazo.

Koma yomwe imasokoneza pepala la mwana wanga kwambiri ndi ng'ona. Iye anaiika ndi buluzi ndi njoka, ndipo mphunzitsi amuchonga. Komatu ng'ona ili pafupi ndi nkhuku kuposa buluzi. Mtima wake uli ndi zipinda zinayi ngati wa mbalame. Imakonza chisa n'kulondera mazira. Ana akatsala pang'ono kuswa amalira ali m'dzira momwemo, mayi amamva n'kufukula, kenako amawanyamula m'kamwa mwake, m'kamwa momwe mumathyola mwendo wa mbidzi, kupita nawo kumadzi. Ng'ona ndi mbalame ndi nthambi ziwiri zotsala za banja limodzi lomwe munalinso ma dinosaur, ndipo mbalame zinachokera mwa ma dinosaur enieniwo. Katswiri wa tizilombo wa ku Germany, Willi Hennig, analemba mu 1950 kuti gulu loona liyenera kukhala ndi kholo limodzi pamodzi ndi zidzukulu zake zonse, osasiyako ena. Potsata lamulo limeneli, "zokwawa" si gulu lathunthu pokhapokha mutalowetsamo mbalame, ndipo "nsomba" si gulu lathunthu pokhapokha mutalowetsamo achule, abuluzi ndi ife tomwe. Sindikunena kuti masukulu asiye magulu asanu aja. Mwana ayenera kuyambira penapake. Ndikungodandaula kuti ambirife timakalamba tikuganiza kuti mabokosi asanuwo anagwa kumwamba.

Thupi ndi theka chabe la nkhani; theka linalo ndi khalidwe. Nalimata wa pakhoma akagwidwa mchira, amaudula yekha. Mafupa a mchirawo ali ndi malo ofooka okonzekeratu, minofu imafinya mitsempha kuti magazi asatayike, ndipo mchira wodukawo umapitiriza kuphiriphitha pansi. Mphaka amatanganidwa ndi mchira, mwini wake walowa kale kuseri kwa kabati. Koma malo ofooka aja pawokha sangapulumutse nalimata. Pafunika kuti adziwe nthawi yodula ndi kothawira, ndipo mtengo wake ndi wokwera, chifukwa mumchira ndi momwe amasunga mafuta, ndipo womera pambuyo pake sukhala ndi mafupa enieni.

Birimankhwe ndiye ndinamuonera nthawi yaitali tsiku lina, ali pa nthambi ya kamtengo kakang'ono. Zala zake n'zomangika m'magulu awiri, ziwiri mbali ino zitatu mbali inayo, ngati pulayala. Diso limodzi linkandiyang'ana ine, linalo likufufuza kumbuyo. Akaponya mwendo ankayamba wagwedezeka, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, ngati tsamba lomwe likukankhidwa ndi kamphepo. Ntchentche itatera chapafupi, maso onse awiri analoza komweko, ndipo lilime sindinalione likutuluka; ndinangoona akutafuna. Anthu ambiri timati amasintha mtundu kuti afanane ndi pomwe wakhala. Mtundu wake wa masiku onse umamubisadi, koma kusintha kwakukulu kumachitika akakumana ndi mnzake wamphongo, akafuna wamkazi, akaopsezedwa, kapena akafuna kutenthedwa ndi dzuwa m'mawa, pomwe amada. Ndi chilankhulo kuposa chobisalira. Mu 2015 ofufuza a ku yunivesite ya Geneva anaonetsa kuti birimankhwe wina wa ku Madagascar amachita zimenezi potalikitsa kapena kufupikitsa mipata ya pakati pa timiyala tonyezimira ting'onoting'ono ta m'khungu, zomwe zimasintha kuwala kobwerera m'maso mwathu.

Kuti khalidwe lingayezedwe ngati mmene timayezera fupa, ndinazimvetsa nditawerenga za Niko Tinbergen, katswiri wa khalidwe la nyama. Chakumayambiriro kwa ma 1960, iye ndi ophunzira ake ankaonerera mbalame za m'mphepete mwa nyanja zotchedwa black-headed gull ku England. Mwanapiye akaswa, kholo limatola chikhokhombe cha dzira n'kukachitaya kutali. Ntchito ya masekondi ochepa pa chaka chonse, yooneka yopanda pake. Tinbergen anayala mazira pansi, ena ndi zikhokhombe pafupi, ena opanda. Akhwangwala ndi mbalame zina zolusa anapeza msanga mazira okhala ndi zikhokhombe pambali, chifukwa kunja kwa dzira kuli mawangamawanga obisa koma m'kati mwa chikhokhombe ndi moyera mbee. Chinanso, kholo silichotsa chikhokhombecho nthawi yomweyo. Limadikira kaye kuti mwanapiye aume, chifukwa akadali wonyowa, mbalame zinzake zoyandikana nazo zimatha kumumeza kholo likangochoka. Ngakhale kuchedwako kuli ndi chifukwa.

Pali kalankhulidwe kamodzi komwe ndimayesetsa kupewa, ngakhale kuti m'nkhani inoyi ndagwamo kangapo. Timati "nyamalikiti inatalikitsa khosi kuti izifikira nsonga", ngati kuti inakhala pansi n'kuganiza. Charles Darwin, m'buku lake la mu 1859, anafotokoza njira ina yopanda woganiza: ana amabadwa osiyana pang'ono, si onse amakula n'kubereka, ndipo amene apulumuka amapatsira ana awo zomwe zinawapulumutsa. Ofufuza awiri, Peter ndi Rosemary Grant, anaziona zimenezi ndi maso pa kachilumba ka Daphne Major ku zilumba za Galápagos, m'nyanja ya Pacific, komwe kuyambira 1973 ankagwira timbalame tofanana ndi mpheta, n'kumatiyeza milomo kamodzikamodzi. Mu 1977 kunagwa chilala. Njere zing'onozing'ono zofewa zinatha, kunatsala zikuluzikulu zolimba. Pa mbalame khumi zilizonse za mtundu umene ankaufufuza kwambiri, zoposa zisanu ndi zitatu zinafa. Zotsalazo zinali za milomo yokulirapo, ndipo ana awo anabadwa ndi milomo yokhuthala ndi pafupifupi 4 peresenti kuposa mbadwo wam'mbuyo. Palibe mbalame yomwe inakulitsa mlomo wake. Za milomo yaing'ono zinangofa. Kenako mu 1983 kunagwa chimvula chambiri, njere zing'onozing'ono zinachuluka, ndipo zinthu zinatembenuka, mwayi unapita kwa za milomo yaing'ono. Chimene chikupulumutsa chaka chino chikhoza kukhala mtolo chaka chamawa.

Mwina mukufunsa ngati kugawa nyama mosamala chonchi kuli ndi phindu kwa munthu wosavala jekete loyera. Udzudzu ndiwo umandiyankhira. Ulipo wa mitundu yoposa 3,500, ndipo malungo a anthu amafalitsidwa ndi wa gulu la Anopheles lokha, komanso si wonse. Ku Ulaya, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, madokotala ankadabwa kuti madera ena anali ndi udzudzu wochuluka wa Anopheles maculipennis koma opanda malungo, pomwe madera ena udzudzu wooneka chimodzimodzi unkapulula anthu. Chinsinsi chinaululika m'ma 1920 ndi 1930 poyang'ana mazira: mawanga ake anali osiyana. Chomwe ankachiyesa mtundu umodzi chinali mitundu ingapo, ina yokonda kuluma ziweto, ina yokonda anthu. Ku Africa zinachitikanso ndi Anopheles gambiae, yemwe m'ma 1960 anapezeka kuti ndi gulu la mitundu yosasiyanitsika ndi maso. Wina amaluma anthu m'nyumba usiku, ndipo neti imamugwira bwino. Wina, arabiensis, amalumanso ng'ombe ndipo amatha kuluma panja. Wina, quadriannulatus, amakonda ziweto moti safalitsa malungo kwenikweni. Apa zinthu zatembenuka poyerekeza ndi nangumi uja: thupi ndi limodzi, koma khalidwe ndi losiyana, ndipo wolimbana ndi malungo akalakwitsa dzina amawononga mankhwala pa udzudzu wosalakwa.

Njovu nazonso. Kwa nthawi yaitali za ku Africa zinkawerengedwa ngati mtundu umodzi. Mu 2021 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linayamba kuziwerengera padera, za m'tchire ndi za m'nkhalango zowirira, ndipo zitatero zinaonekera poyera kuti za m'nkhalango zili pangozi yaikulu kwambiri yakutha, chinthu chomwe chinkabisika pamene ziwerengero zinali zophatikiza.

M'mawa mwake, tisananyamuke, ndinamuitana mwana uja. Ndinamuuza kuti funso lake ndinaliyankha mwaulesi. Ndinatambasula dzanja langa pafupi ndi chithunzi cha mleme n'kumuonetsa chala ndi chala, kenako ndinajambula mafupa a chipsepse cha nangumi kuseri kwa envelopu, mojambula moipa. Ndinamufotokozera za mvuu. Za Hennig ndinazisiya.

Anamvetsera, kenako anafunsa ngati pali nyama yoyamwitsa yomwe imaikira mazira, poti mnzake wina anamuuza choncho ndipo iye anamutsutsa. Ndinamuuza kuti akapepese. Platypus wa ku Australia ali ndi mlomo ngati wa bakha, ubweya, mapazi osambirira, amaikira mazira, ndipo mkaka umatuluka pakhungu la pamimba popanda nsonga za mabere, ana n'kumanyambita. Chikopa chake chitafika ku London, wasayansi George Shaw, yemwe anachifotokoza mu 1799, anayamba wakayikira kuti wina wasokerera mlomo wa bakha pa nyama ina. Zakuti amaikiradi mazira zinatsimikizika mu 1884.

"Ndiye ameneyo amuika bokosi liti?"

"La zoyamwitsa."

"Chifukwa cha mkaka?"

"Mkaka, ubweya, ndi timafupa titatu ta m'khutu tomwe iwenso uli nato."

Anagwira khutu lake, n'kutenga guluu. Nangumi anamumata pakati penipeni pa zoyamwitsa, pafupi ndi ng'ombe. Mleme anaumata m'bokosi lomwelo koma cham'mphepete, mwadala, phiko limodzi litadumpha mzere n'kulowa kwa mbalame. Ndinamuuza kuti aphunzitsi akhoza kumuchotsera malikisi chifukwa cha kusalongosoka. Anati akawafotokozera, n'kuika pepalalo m'chikwama guluu asanaume.